Ma linki a mu Excel asiya kukufikitsani pa folha yoyenera? Yankho kwa mlembi wa ku Ulongwe

Funso la lero lachokera kwa achimwene ena a ku Ulongwe m'boma la Angónia, ndi mlembi wa kagulu ka alimi a batata ndi soya. Akuti ali ndi fayilo ya Excel yomwe amalembamo mamembala, ngongole za feteleza ndi ndalama zomwe aliyense wabweza, dera lililonse lili ndi folha yake (tsamba lake mu fayiloyo), ina ya Dómuè ina ya Calómuè choncho, ndiye kutsogolo kuli folha ya mndandanda yoti ukadina dzina imakuponya komwe ukufuna. Fayiloyi anawakonzera mnzawo wa ku Dedza. Tsopano chisinthireni maina a mafolha angapo, ma linki ena akungotulutsa uthenga woti A referência não é válida, ena akutsegula ndithu koma akukafikira pa dzina la munthu wina, ndipo fomula yomwe mnzawoyo anatumiza pa WhatsApp kuti akonzere Excel yaikana. Akufunsa ngati fayilo yafa kapena yalowa vayirasi.

Achimwene, mtima pansi, fayilo yanu ili moyo ndipo pa zomwe mwafotokozazi palibe chomwe chikuloza ku vayirasi. Manambala anu onse ali pomwe munawasiya. Koma musanakhudze kalikonse kopani fayiloyo muyiike pambali ndi dzina lina, chifukwa izi ndi ndalama za anthu, mukasokoneza mzere umodzi mudzavutika kufotokozera alimi pa msonkhano.

Chomwe muyenera kumvetsa, ndipo mukachigwira ichi zina zonse zikhala zophweka, ndi chakuti linki ya mu Excel si fomula wamba. Mukalemba fomula yowonkhetsa manambala a pa folha ina kenako n'kusintha dzina la folhayo, Excel imasintha yokha dzinalo mkati mwa fomula, simudziwanso kuti china chake chachitika. Linki ayi. Linki yomwe munthu wayika podina Ctrl ndi K imangosunga adiresi ngati mawu olembedwa, mwachitsanzo Folha3!B40, kutanthauza kabokosi ka B40 pa folha yotchedwa Folha3, ndipo mawuwo amakhala choncho mpaka munthu atawasintha ndi manja. Zili ngati kapepala komwe mwalemberapo mlendo kuti nyumba yachitatu kuchokera pa mjigo, wina akamanga nyumba pakatipo mlendo uja akagogoda khomo la eni ake, kapepala sikadziwa kuti mudzi wasintha. Ndiye mavuto anu awiri oyamba aja gwero lake ndi limodzi. Pomwe munasintha dzina la folha linki ikufunafuna dzina lomwe kulibenso, n'chifukwa chake ikuti referência si yolondola. Pomwe munawonjezera mamembala atsopano pakati kapena munasanja maina motsatira alifabeti, linki ikupitabe pa B40 mokhulupirika, kungoti pa B40 pano pali munthu wina. Vuto lachiwirili ndi lomwe ine limandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa loyamba lija limakuwa, mumaona uthenga, pomwe ili limakhala chete, mukhoza kulemba ma meticais a munthu pa dzina la mnzake osazindikira.

Tiyambe ndi kuyeza. Dinani linki yomwe ikuvutayo ndi batani la kumanja la mausi, sankhani posinthira linki, muone adiresi yomwe yalembedwa. Kapena sunthani ndi timivi ta pa kiyibodi mpaka mufike pa kabokosi komwe kali ndi linkiyo, mukadina ndi mausi kamodzi imangothamanga. Mukaiona adiresiyo dinani F5, kamatuluka kawindo kopitira malo, lembani momwemo adiresi ija ndendende n'kudina Enter. F5 ikakufikitsani ndiye kuti adiresi ili bwino vuto lili pena, ikakana ndiye kuti adiresiyo ndi yomwe yalakwika. Kayezedwe aka kamapulumutsa nthawi kwambiri kusiyana ndi kumangofufuta linki n'kuyikanso mwachimbulimbuli.

Kukonza linki ya Ctrl ndi K n'kosavuta, mu kawindo kaja kumanzere kuli posankha poti Colocar neste documento, mukadina pamenepo mafolha onse amaoneka, sankhani yoyenera, pamwamba lembani kabokosi komwe mukufuna monga A1, basi. Folha ikakhala kuti sikuoneka pa mndandandawo kapena linki ikungokhala duu, onani ngati wina sanaibise, linki siingakulowetseni mu folha yobisika, muyenera kuibweza kaye poyera podina kumanja pa maina a mafolha m'munsimo.

Tsopano za kalembedwe ka dzina, apa ndi pomwe anthu ambiri amagwa ndipo ndikhalitsapo. Dzina la folha likakhala liwu limodzi loyera monga Domue, adiresi ndi Domue!A1. Koma likakhala ndi mpata pakati, kapena kamzere, kapena layamba ndi nambala, liyenera kukutidwa ndi tizizindikiro tam'mwamba tija timalemba mu ng'ombe, kamodzi kutsogolo kamodzi kumbuyo, motere 'Janeiro 2024'!B5. Mukaiwala timeneti Excel imawerenga Janeiro payokha 2024 payokha n'kusokonezeka. Langizo langa ndi loti muzitiyika nthawi zonse ngakhale pomwe sitikufunika, sitiwononga kanthu. Ndiye pali msampha womwe umatigwira ifeyo olemba Chichewa makamaka, folha ikakhala ndi dzina ngati Ng'ombe kapena Ndalama za m'thumba, kachizindikiro ka mkati mwa dzinalo Excel imakatenga ngati potsekera dzina. Mankhwala ake ndi kukalemba kawiri, 'Ng''ombe'!A1, osati aspas (") ayi koma kachizindikiro komweko kawiri motsatizana. Msampha wina ndi wa maina ofupikitsa a miyezi. Mukatcha folha kuti JAN2024 kapena MAR2024, kwa inu ndi mwezi koma kwa Excel ndi adiresi ya kabokosi, chifukwa kuyambira Excel 2007 makolamu alipo 16,384 kukafika pa XFD, ndiye kolamu ya JAN ilipodi, ya MAR ilipo, ya SET ndi DEZ nazonso. Dzina lotere nalo limafuna tizizindikiro tija.

Komanso yang'anitsitsani ma acento, tizizindikiro ta pamwamba pa zilembo tija. Dzina la Dómuè anthu amalilemba mosiyanasiyana, wina ayika acento pa o, wina pa e, mnzanu wa ku Dedza kiyibodi yake ilibe n'komwe ndiye anangolemba Domue. Kwa Excel o ndi ó ndi zilembo ziwiri zosiyana. Ngati inu munakongoletsa dzina la folha poyika ma acento, ndiye chimenecho chokha n'chokwanira kupha ma linki onse opita kumeneko. China chosaoneka ndi maso ndi mpata wotsalira kumapeto kwa dzina, dinani kawiri pa dzina la folha muone ngati kamzere kothwanima kaima pa chilembo chomaliza penipeni kapena kataliko pang'ono. Dzina la folha silipitirira zilembo 31 ndipo sililola zizindikiro monga / kapena ? kapena *, ndiye deti ngati 12/2024 simungaiyike pa dzina.

Za fomula ya pa WhatsApp ija. Mnzanuyo sanalakwitse, kungoti Excel yake ndi ya Chingerezi pomwe yanu ndi ya Chipwitikizi. Iye analemba chonchi

=HYPERLINK("#'Janeiro 2024'!B5","Pitani")

koma pa kompyuta yanu iyenera kukhala chonchi

=HIPERLIGAÇÃO("#'Janeiro 2024'!B5";"Pitani")

Zasintha ndi ziwiri, dzina la fomula ndi chizindikiro cholekanitsa. Excel ya Chipwitikizi cha ku Portugal imati HIPERLIGAÇÃO, ya ku Brazil imati HIPERLINK, ndipo kuno ku Tete mupeza zonse ziwiri malinga ndi yemwe anakuikirani Office, njira yodziwira ndi kungolemba =HIP mu kabokosi, Excel ikuonetsani yokha dzina lomwe imadziwa. Cholekanitsa chija chimachokera ku makonzedwe a dera a Windows, komwe manambala amalembedwa ndi vírgula monga 12,50 fomula imafuna ponto e vírgula (;), komwe amalemba 12.50 ngati ku Malawi imafuna vírgula. Chosangalatsa n'chakuti izi zimavuta pokhapokha mukulemba kapena kupesita fomula ngati mawu. Fomula ikakhala kale mkati mwa fayilo, Excel imaitembenuza yokha, mnzanu akatsegula aona HYPERLINK inu muona HIPERLIGAÇÃO, fayilo imodzimodziyo. Ndiye ulendo wina muuzeni atumize fayilo osati mawu a fomula. Ndipo mukakopa kuchokera pa foni kapena mu Word onetsetsani ma aspas, nthawi zambiri amabwera opindika, Excel imafuna owongoka, afufuteni muwalembenso pa kiyibodi yanu. Fomula ikangooneka yonse mu kabokosi osasanduka linki ndiye kuti kabokosiko kanaikidwa ngati Texto, kasintheni kakhale Geral, dinani F2 kenako Enter.

Kachizindikiro ka # koyambirira kaja musakaiwale. Ndi komwe kamauza Excel kuti malo ndikufunawa ali mu fayilo yomwe ino. Popanda iko Excel imaganiza kuti mukunena fayilo ina ya pa kompyuta, n'kukuuzani kuti siingathe kutsegula fayilo yomwe mwatchula.

Koma dziwani kuti fomula imeneyi nayo ili ndi matenda omwe aja, chifukwa adiresi ili mkati mwa aspas, ndi mawu chabe, mukasintha dzina la folha siisintha. Ubwino wake ndi woti mumaiona ndi maso, ndipo mungathe kukonza ma linki ambiri nthawi imodzi ndi Localizar e Substituir, kufufuza dzina lakale n'kuyika latsopano, pomwe za Ctrl ndi K zija mumatsegula imodziimodzi. Mungathenso kuchita mochenjera, kulemba maina a mafolha mu kolamu A ya mndandanda wanu n'kupanga fomula yoti izitenga dzina pamenepo

=HIPERLIGAÇÃO("#'"&A2&"'!A1";A2)

n'kuikokera pansi. Mukasintha dzina la folha mumangokonza pa A2 basi, malo amodzi.

Nanga kuti linki isamasochere mukawonjezera mizere? Pali njira ziwiri ndipo iliyonse ili ndi ntchito yake, anthu amazisokoneza. Yoyamba ndi kupatsa kabokosi dzina. Tinene kuti mukufuna linki yopita pa chiwonkhetso cha ngongole za ku Dómuè, kabokosi komwe kamatsika pansi nthawi iliyonse mukalowetsa membala watsopano. Dinani kabokosiko, pitani pa kamalo kali kumanzere kwa mzere wa fomula komwe kamaonetsa adiresi monga F88, fufutani mulembe Total_Domue n'kudina Enter. Tsopano mu Ctrl ndi K dzinali lizioneka pansi pa mafolha, kapena mu fomula mulembe "#Total_Domue". Dzina lotere Excel imalisamala ngati fomula, mukawonjezera mizere limatsika nawo, mukasintha dzina la folha limatsatira, mukadula kabokosi n'kukapesita pena limapita nako. Dzinalo lisakhale ndi mpata ndipo lisafanane ndi adiresi ya kabokosi, JAN2024 ija pano ikanidwa kumene. Limafa mukafufuta mzere, kolamu kapena folha momwe linali, mukadina Ctrl ndi F3 muona maina onse ndipo lakufalo limaonetsa #REF!.

Koma dzina silitsatira munthu mukasanja. Mukasanja motsatira alifabeti mabokosi amakhala pomwe ali, zomwe zimasuntha ndi zolembedwa mkati mwake, ndiye dzina lija litsala pa mzere wakale ngati B40 uja. Komanso simungapatse dzina mlimi aliyense, mungatope. Pa anthu njira yabwino ndi yachiwiri, kuuza linki kuti izifufuza yokha munthuyo nthawi iliyonse. Tinene kuti pa folha ya Domue manambala a mamembala ali mu kolamu B, ndipo pa mndandanda nambala ya yemwe mukufuna ili pa A2

=HIPERLIGAÇÃO("#'Domue'!B"&CORRESP(A2;Domue!B:B;0);"Pitani")

CORRESP, yomwe mnzanu wa ku Dedza aiona ngati MATCH, imayang'ana mu kolamu B n'kubweza nambala ya mzere pomwe yapeza, ndiye linki imamangidwa pompo ndi mzere wa lero osati wa chaka chatha. Sanjani momwe mungafunire, wonjezerani anthu, izipezabe. Ziro wa kumapeto uja ndi wofunika, akutanthauza kuti ipeze chofanana ndendende, mukamusiya ikhoza kukupatsani mzere wolakwika osadandaula. Ndipo chonde fufuzani ndi nambala ya membala osati dzina, kwathu kuno a Phiri ndi a Banda mu kagulu kamodzi amakhala angapo, ena mpaka maina onse awiri ofanana, ndipo CORRESP imangotenga woyamba kumupeza. Ngati mamembala anu alibe manambala apatseni lero, ndi kantchito ka madzulo amodzi koma kadzakutetezani pa mikangano ya ngongole. Ikatulutsa #N/D pomwe munthuyo mukumuona kuti alipo, kawirikawiri ndi chifukwa kwina nambala yalembedwa ngati mawu monga 0045 kwina ngati nambala 45, kapena pali mpata wotsalira.

Simunanene ngati muli ndi ma linki opita ku mafayilo ena, koma poti fayilo inachoka ku Dedza n'kuwoloka pa Calómuè pa flashi kapena pa foni, ndinenepo. Linki yopita ku fayilo ina imalembedwa dzina la fayilo, kenako #, kenako folha ndi kabokosi, monga Ngongole.xlsx#'Domue'!A1. Imeneyi imadalira kuti fayilo inayo ili pomwe linki ikuyembekezera. Ngati adiresi ikuyamba ndi C: n'kutchula foda ya pa laputopu ya mnzanu, pa kompyuta yanu siidzagwira ngakhale mutatani, pa foni ndiye n'kosatheka kumene. Flashi nayo lero ikhala E: mawa pa kompyuta ina F:. WhatsApp imatumiza fayilo yokhayo yomwe mwasankha, anzake aja amatsala, ndipo mukatsitsa fayilo kachiwiri kompyuta imawonjezera kanambala ku dzina lake, dzina lasintha linki yafa. Ikani mafayilo onse mu foda imodzi, pangani ma linki ali momwemo, ndipo posamutsa muzisamutsa foda yonse. Dzina la fayilo kapena la foda lisakhale ndi # chifukwa Excel imadula adiresi pamenepo. Fomula ya linki imakananso adiresi yopitirira zilembo 255, imatulutsa #VALOR!, zomwe zimachitika mukakhala ndi mafoda ambiri mkati mwa anzawo. Kunena zoona, kwa kagulu ngati kanu ine sindingakulimbikitseni kugawa mafayilo, folha imodzi ya Excel imanyamula mizere 1,048,576, alimi a Angónia yense akhoza kukwanamo, sungani zonse mu fayilo imodzi ma linki a mkati okhaokha.

Mawu pang'ono kwa omwe amatsegula fayilo yomweyo ndi mapulogalamu ena, poti m'maofesi ambiri wina ali ndi ichi wina icho. Google Sheets siigwiritsa dzina la folha, folha iliyonse ili ndi nambala yake yotchedwa gid yomwe imaoneka kumapeto kwa adiresi ya pa intaneti, yoyamba kupangidwa imakhala gid=0, ndiye linki yake imakhala ngati "#gid=0&range=B5". Ubwino wake mukasintha dzina la folha linki siifa. Koma mukatsitsa fayiloyo kukhala ya Excel fomula za gid sizigwira chifukwa Excel siidziwa gid, ndipo mukakopa fayilo yonse mu Google momwemo ma linki omwe analembedwa ndi adiresi yathunthu amapitabe ku fayilo yakale, munthu n'kumalemba za chaka chino mu buku la chaka chatha. LibreOffice Calc kalembedwe kake kamayika kadontho pakati, #Folha1.A1, ndipo kumeneko kudina kokha sikutsegula linki, mumagwira Ctrl kenako n'kudina, ambiri amaganiza kuti linki yafa pomwe ndi zimenezo basi.

Ndiye kwa inu achimwene ndingachite chonchi. Tsegulani fayilo yomwe munakopa ija, ngati pamwamba pali kamzere kachikasu dinani Ativar Edição kuti fayilo ilole kusintha. Khazikitsani maina a mafolha kamodzi, aafupi, opanda acento, opanda mpata, Domue, Calomue, Ulongwe, dzina lokongola la ma acento mulilembe mkati mwa folha pa mutu pomwe silisokoneza kanthu. Pa mndandanda chotsani ma linki akale onse muyike fomula yotenga dzina pa kolamu A, zopita pa ziwonkhetso zipatseni maina, zopita kwa anthu zikhale za CORRESP ndi nambala ya membala. Pa A1 ya folha iliyonse ikanipo linki yobwerera ku mndandanda kuti musamavutike kufunafuna. Pomwe mukukonza, ngati mukufuna kudumpha msanga popanda linki, dinani kumanja pa timivi tili pa ngodya ya kumanzere m'munsi pafupi ndi maina a mafolha, Excel ikupatsani mndandanda wa mafolha onse.

Ndipo pali ntchito imodzi yomwe si ya kompyuta koma musaidumphe. Poti mwanena kuti ma linki ena amakufikitsani pa munthu wolakwika, tengani buku la malisiti kapena kope lomwe msungichuma amalembamo pamanja, mufananize ndalama zonse zomwe munalowetsa kuyambira tsiku lomwe munasanja kapena kuwonjezera maina, mzere ndi mzere, makamaka pa mafolha omwe munalowetsamo anthu atsopano pakati, musanapite kukawerengera anthu ngongole zawo pa msonkhano ukubwerawu.